Jombo za Ithel

Pali chinthu chimodzi chokhudza Meurig Cadwaladr chimene sindinachimvetse, ndipo pano ndakalamba moti sindikhulupirira kuti ndidzachimvetsa. Munthu ameneyu anasewerapo mpira pamaso pa anthu zikwi makumi atatu, anavalapo malaya ofiira a dziko lathu la Wales, koma atabwerera kwathu ku Garnwen, chimene ankachifuna ndi mtima wonse chinali kampando kathabwa m'shedi yong'ambiramo miyala ya sileti yofolerera nyumba, pafupi ndi mkulu wake. Midzi ya migodi inalipo yambiri, ndipo kulikonse akanamulandira ndi manja awiri. Iye ankafuna kampando komweko basi. Za mkulu wakeyo, Ithel, ndimamvetsa zonse, ndipo zambiri anandiuza yekha titakalamba. N'chifukwa chake nkhani ya Meurig ndiifotokoza mmene Ithel anaionera.

Bambo awo, a Cadwaladr, anali mkulu wa mpingo, ndiponso mtsogoleri wa gulu lawo ku mgodi. Tinkagwira ntchito m'magulu a anthu anayi, kawirikawiri apachibale: awiri othyola thanthwe kunsi, awiri ong'amba ndi kudula sileti m'shedi. Wina akamwalira, mtsogoleri ndiye ankatchula kwa kapitawo dzina la womulowa m'malo, ndipo mwambo unali woti wachibale ndiye woyamba kuganiziridwa. Anyamata awiriwo analowa m'shedi aliyense atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi. Amayi awo anamwalira kalekale, choncho m'nyumbamo munali amuna atatu osalankhulalankhula.

Loweruka masana onse awiri ankasewerera timu ya Garnwen, pa bwalo lotsetsereka limene ankayamba athamangitsapo nkhosa. Sindinena kuti Meurig anali munthu wodabwitsa. Anali ndi liwiro, ndipo liwiro munthu amangobadwa nalo ngati mtundu wa tsitsi. Nzeru za mpira zinali mwa Ithel. Anthu ankati Ithel amaphika, Meurig n'kumangodya. Ithel yemweyo ndiye anatulukira kachenjerero kena kuseri kwa tchalitchi, ndi mpira wansanza: kuwopseza ngati ukumenya, n'kuukoka mpirawo ndi chidendene, n'kutembenuka mdani akugwera uko. Anamuphunzitsa mng'ono wake nyengo yonse yotentha, akumukalipira mpaka anakagwira.

Loweruka lina, Ithel ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, Meurig khumi ndi zisanu ndi zinayi, pambali pa bwalo panaima Mngelezi wa jasi lalitali. Mpira utatha anayamba kugwira chanza Ithel, kenako Meurig. Anati timu ina yaikulu ya ku Lancashire ikufuna kuwayesa onse awiri Lolemba, 10 koloko mmawa.

Kunyumba bambo awo anamvetsera akumwa tiyi.

"Lolemba mmawa? Ndiye mukafika bwanji? Sitima ya kuno siyenda Lamulungu. Ili ndi nzeru kuposa inu."

"Tikhoza kudzera kuphiri, bambo," anatero Ithel. "Ku siteshoni ya kunyanja sitima ya makalata imadutsa madzulo."

"Lamulungu miyendo ya pakhomo pano njira yake ndi imodzi: kupita ku tchalitchi ndi kubwerako. Lembani kalata. Ngati akukufunanidi, adikira Lachitatu."

Ithel anatenga pepala n'kulemba kalatayo m'Chingelezi chosamala, m'dzina la onse awiri. Meurig ankangopukuta mbale.

Lamulungu anapita ku mapemphero ammawa, anadya, ndipo 2 koloko itakwana Ithel anakakhala pa benchi lake ku Sande sukulu, pafupi ndi zenera loyang'ana kuphiri. Kwathu Sande sukulu inali ya aliyense, ndi nkhalamba zomwe. Inali nthawi yake yowerenga ndime pamene anakweza maso n'kuona munthu wa suti yakuda akukwera kanjira ka nkhosa. M'khosi mwake munkalendewera jombo ziwiri zomangidwa ndi zingwe zachikasu. Jombo za Meurig zinali zitang'ambika kuphazi. Za zingwe zachikasu zinali za Ithel, zimene anagula ku Caernarfon chaka chomwecho.

Akanatha kuimirira. Khomo linali pafupi. Koma bambo ake anali atakhala kutsogolo, ndipo anthu ankadikira ndimeyo. Ithel anaiwerenga mpaka pamapeto.

Yankho la kalata yake linabwera patapita masiku asanu ndi anayi. Linali laulemu. Linati zikomo, malo adzaza.

Mpingo unamuchotsa Meurig chifukwa chophwanya Sabata, ndipo amene anaimirira kupereka ganizolo anali bambo ake omwe, mawu awo osanjenjemera. Potuluka, azimayi ankamugwira Ithel paphewa n'kumati, "Mwana womvera ndi uyu." Mawu amenewo anamufunditsa nyengo imodzi yozizira. Kenako anthu anaiwala.

Meurig anakhala zaka ziwiri mu timu yachiwiri, akugona kwa mayi wina wamasiye amene ankaganiza kuti mnyamatayo ndi wosalankhula, osadziwa kuti akuchita manyazi ndi Chingelezi chake. Ankalemba makalata afupiafupi: kuno kuli utsi, buledi wake ndi wosakoma, perekani moni kwa achimwene. Za jombo sanatchulepo. Chaka chachitatu analowa timu yoyamba, kuphiko lakumanja, ndipo dzina lake linayamba kutuluka m'nyuzipepala.

Apa ndi pamene mavuto a Ithel anayambira. Masana tinkadyera mu kabani, kanyumba ka miyala kokhala ndi mbaula pakati. Munali malamulo ake, wapampando wake ndi mlembi wake, ndipo tsiku lililonse linali ndi nkhani yake yokambirana. Lolemba linali la nyuzipepala. Wowerenga anali Tegid, munthu wa pakamwa pakuthwa amene ankathyola thanthwe m'gulu la a Cadwaladr. Mlembi anali Ithel.

"Tcherani khutu, anthu a Mulungu," ankayamba choncho Tegid, buledi ali m'tsaya. "'Cadwaladr anazemba anthu atatu n'kumwetsa chigoli chachiwiri.' Ithel, ameneyu ndi Cadwaladr uti? Si iwe? Loweruka sunachokepo?"

"Loweruka ndinkakonza khola la nkhuku."

"Ndiye nkhukuzo zagoletsa zingati?"

Anthu ankaseka mpaka tiyi kutulukira m'mphuno. Ithel ankasekako pang'ono, kenako n'kutsegula buku la kabani n'kulemba mzere umodzi: Nyuzipepala inawerengedwa. Buku limenelo ndinaliona ndi maso anga. Pa zaka zisanu ndi zinayi, mzere wa Lolemba ndi womwewo, ndipo dzina la Meurig mulibe ngakhale kamodzi.

Ithel anasiya mpira ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Anati bwalo lija limamupweteka msana. Anakwatira Menna, mwana wa wosoka nsapato, n'kubwera naye m'nyumba ya bambo ake, ndipo anabereka mwana wamkazi, Nesta.

Chaka chachisanu ndi chiwiri Meurig anasankhidwa kusewerera Wales, pa mpira wa ku Wrexham. Ku Garnwen kunanyamuka mabasi atatu. Akulu a mpingo ena amene anakweza manja pomuchotsa analinso momwemo, zipewa atazikokera kumaso. A Cadwaladr sanapite. Anangouza Ithel kuti, "Pita ukaone ngati akudya bwino."

Ithel anaima pakati pa chikhamu cha anthu, manja ali m'matumba. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, mpira unamupeza Meurig pafupi ndi mzere, mdani wamtali atamutsekera njira. Meurig anawopseza ngati akumenya, anaukoka ndi chidendene, n'kutembenuka. Mdaniyo anakhala pansi m'matope. Mpira unapita pakati, wina anaugunda ndi mutu, ukonde n'kugwedezeka. Bwalo lonse linabangula. Tegid anamukumbatira Ithel akufuula m'khutu mwake, "Waona? Zimenezi anazitenga kuti mwana ameneyu?"

Ithel sanatulutse manja m'matumba.

Mpira utatha Meurig anabwera ku mabasi, tsitsi lopaka mafuta, jasi la kolala yaubweya. Anthu anamuunjirira, koma iye maso ake ankasakasaka mpaka anapeza mkulu wake.

"Achimwene, mwaona?"

"Ndaona. Chigawo chachiwiri unkachedwa kubwerera kumbuyo."

Meurig anavomereza. "Eya," anatero. "Ndinkachedwadi."

Lolemba nyuzipepala inakatcha kachenjerero kaja "kutembenuka kwa Cadwaladr". Tegid anawerenga mawuwo katatu.

Aliyense wosewerera dziko ankapatsidwa kachipewa kofewa, kofiira, ka mphonje pamwamba. Meurig anapeza kamodzi kokha, chifukwa ulendo wotsatira timu yake sinamulole kupita, ndipo pambuyo pake anasankha ena. Kachipewako anakatumiza kwawo m'kabokosi. M'chipinda cha alendo munali galasi lozungulira lovundikira maluwa ouma a amayi awo. A Cadwaladr anachotsa maluwawo n'kuikamo kachipewa.

"Ndi kansalu chabe," anatero osayang'ana munthu. "Koma njenjete zingakadye."

Nthawi imeneyo n'kuti fumbi la sileti litayamba kale kuwatseka chifuwa. Anagwirabe ntchito zaka zinayi akutsokomola, mpaka miyendo inakana. Ithel ndiye ankawabereka pokwera masitepe, ndiye ankawameta ndevu, ndiye ankawatembenuza pa bedi. Tsiku lina atabwera ku ntchito anawapeza atakwawira okha m'chipinda cha alendo, atakhala moyang'anizana ndi galasi lija, akupuma movutikira. Anawanyamula. Ali pamsana pake, nkhalambayo inafunsa, "Kodi bondo la mwana uja likupola?"

Pakuti chaka chapitacho Meurig anali atathyoka bondo lakumanzere pa bwalo louma ndi chisanu. Anamuchita opaleshoni, anayesanso kusewera mu timu ina yaing'ono, koma liwiro lija linali litapita, ndipo popanda liwiro panalibe chimene akanagulitsa. Anamutsanzika mwaulemu. Anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi.

A Cadwaladr anamwalira mwezi wa Malichi. Meurig anabwera ku maliro ndi sutikesi imodzi, akutsimphina, ndipo maliro atatha sanabwerere. Menna anamuyalira m'chipinda chimene ankagona ali anyamata. Utsogoleri wa gulu unagwera Ithel. Kampando ka bambo awo m'shedi kanali kopanda munthu, ndipo dzina la wokhalapo linkafunika kwa kapitawo Lolemba loyamba la mwezi wotsatira. Panatsala masiku asanu ndi anayi.

Loweruka masana Ithel ankabzala mbatata ya kachewere kuseri kwa nyumba. Meurig anabwera n'kuyamba kumupatsira mbewu kuchokera m'chidebe.

"Achimwene, mpando wa bambo mwalonjeza munthu?"

"Ukufunsiranji?"

"Bondoli kuthamanga lakana. Koma kukhala pansi limatha."

"Ndamva kuti ku Lancashire akufuna kukupatsa nyumba ya mowa kuti uziyendetsa. Ndiponso a ku Ffestiniog akukufuna ukawaphunzitse mpira."

"Akufunadi. Ine ndikufuna kuno."

Ithel anamuyang'ana manja. "Manja ako afewa ngati a m'busa. Zaka khumi ndi ziwiri osagwira chizulo chong'ambira sileti."

"Mundiyese."

Ndiyenera kunena zoona za Ithel: tsiku limenelo anasangalala, ndipo anali atatsimikiza mumtima kuti amutenga. Ankaziona kale m'maganizo. Mng'ono wake atakhala pa kampando kotsika, akuswa miyala, akutuluka matuza, ndipo iye akuwerama n'kumuuza mofatsa kuti ayi, gwira chonchi. Anthu adzaona kuleza mtima kwake. Adzaona amene ali mmisiri pa awiriwo. Zinthu zidzabwerera mmene zinalili kuseri kwa tchalitchi. Choncho anati mayesowo achitike Lachisanu masana, anthu a mu kabani akuona, kuti wina asadzanene kuti wakondera.

Lachisanu tinadzadza m'shedi, aliyense chitini cha tiyi chili m'manja. Wong'amba sileti amakhala pa kampando kotsika, miyendo atatambasula, mwala atautsamiritsa pa bondo lakumanzere. Amaika chizulo chopyapyala m'mphepete, n'kugogoda ndi nyundo yamtengo mpaka mwalawo utatseguka pakati, kenako theka lililonse n'kuligawanso, mpaka masileti atapyapyala. Ithel anasankha yekha mwala wochindikala ngati zala zinayi. Mu mwala woterowo iye ankatulutsa masileti khumi ndi anayi. Bambo awo, ali ndi mphamvu, ankafika khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo palibe anawaposa.

Meurig anakhala pansi, anafunyulula zizulo za bambo ake m'kansalu kawo, n'kutsamiritsa mwala pa bondo lothyokalo. Nkhope inamuyera. Anagogoda kawiri, ndipo ngodya ya mwala inabenthuka n'kugwa.

Ithel anamva kutentha kokoma m'chifuwa. Anasendera kutsogolo, mawu ali kale pakamwa.

Koma Meurig sanamuyang'ane. Anausuntha mwalawo n'kuutsamiritsa pa bondo lakumanja, anasinthanitsa manja, chizulo uku nyundo uku, chinthu chimene palibe aliyense wa ife anachionapo. Anapendeketsa mutu ngati akumvetsera. Anagogoda pang'onopang'ono, mwala unalira, n'kutseguka bwinobwino. Anagawanso. Anthu anayamba kuwerenga mokweza. Pa khumi ndi anayi Tegid anavula chipewa. Pa khumi ndi asanu ndi limodzi m'shedi munangoti zii. Linatsala sileti limodzi lokhuthalako pang'ono, limene munthu wanzeru akanalisiya. Meurig analiyang'ana, analowetsa chizulo ngati akulowetsa mpeni mu batala, ndipo linagawika.

Khumi ndi asanu ndi awiri. Tinamenya zitini pa mabenchi. Inenso ndinamenya nawo.

"Ee, anthuni!" anafuula Tegid. "Uyu amagoletsa ndi chikhalire chomwe! Ithel, umubwerekenso chizulo chako ngati jombo zija, iwe uzikapuma ndi nkhuku!"

Meurig sanaseke. Thukuta likuyenderera, anakweza maso kwa mkulu wake, mmene anachitira ku mabasi ku Wrexham.

"Tiona Lolemba," anatero Ithel, n'kutuluka.

Loweruka Menna ankakanda ufa wa buledi, Ithel atakhala pafupi ndi mbaula akupaka mafuta nsapato za ku tchalitchi. Meurig anali atapita kumanda.

"Bambo a Nesta, alamu anga muwatenga, si choncho?"

"Bondo lija silingapirire chisanu cha m'shedi."

"Bondo ndi lawo, akulidziwa okha."

"Ndiponso si wa mpingo. Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Amene ankamenya zitini dzulo aja? Mudzi wonse wamva." Anamenya ufa pa thebulo. "Ine ndakhala nanu zaka zisanu ndi zitatu. Lolemba lililonse mumabwera nkhope ili ngati mwamwa mankhwala. Munthuyu wabwera wopanda kanthu, akutsimphina, akukupemphani inu. Chatsala n'chiyani chimene mukufuna?"

Ithel anapitiriza kupaka nsapato imene inali itawala kale.

Lamulungu mmawa Meurig anapita nawo ku tchalitchi n'kukhala pa benchi lakumbuyo kwenikweni, la alendo. Atadya nkhomaliro, Menna ndi Nesta anatsogola kukakonza mabuku a Sande sukulu. Ithel ankamanga tayi pamene mng'ono wake anatsika masitepe ndi phukusi la pepala, n'kuliika pa thebulo.

"Izi ndi zanu, achimwene."

Ithel anamasula. Zinali jombo zija. Chikopa chinali chofewa ndi mafuta, zingwe zachikasu zomwe zija, zitangofwifwa.

"Ndinasewera nazo tsiku limodzi lokha, la mayeso," anatero Meurig. "Kenako ndinazisunga. Chaka chilichonse ndinkati ndizitumiza, koma ndinkasowa choti ndilembe m'kalata."

Ithel ananyamula jombo imodzi, ndipo Meurig anapitiriza.

"Tsiku lomwelo ndinawauza akuluakulu a timu kuti wodziwa mpira watsala kunyumba. Anandiseka, poti Chingelezi changa chinali chothyokathyoka. Koma zinali zoona. Mukanapita inu, akanatenga inu. Ine ndinali wothamanga chabe. Ngakhale kutembenuka kuja, nyuzipepala inkati kwa Cadwaladr, ine ndinkadziwa kuti ndi Cadwaladr uti."

Awa ndiwo mawu amene Ithel anawadikira zaka khumi ndi ziwiri. Ankawayeseza yekha pokwera ku mgodi, ankawamva m'kugogoda kwa nyundo. Tsopano ananenedwa, m'khitchini mopanda wina womva, ndipo sanamubwezere chilichonse. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu, fumbi linali litayamba kumukanda pakhosi, ndipo jombozo zinali pa thebulo ngati nsapato za munthu wakufa. Chinamuwawa koposa n'chakuti ngakhale kupepesako mng'ono wake anakuchita bwino.

"Dzina ndinapereka kale Lachisanu," anatero. "Ndatchula msuweni wa alamu akowa."

Linali bodza. Sanapereke dzina lililonse.

Meurig anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino, achimwene. Ndi mmisiri wabwino ameneyo."

Ithel anavala jekete n'kutuluka. Ali m'njira mtima unayamba kumutsika, ndipo anakonza zochita. Amusiya agone nazo tsiku limodzi lokha, alaweko zimene iye wakhala akulawa. Mawa mmawa amudzutsa, amupatsa chitini cha tiyi cha bambo awo, akwera limodzi kwa kapitawo. Adzaseka, n'kunena kuti ankangomuyesa. Pofika pakhomo la tchalitchi anali atayamba kumva ngati munthu wachifundo.

Tsopano iye ndiye anali woyang'anira Sande sukulu yonse, ndipo zinkamveka kuti mwezi wamawa amusankha kukhala mkulu wa mpingo m'malo mwa bambo ake. Anaima kutsogolo, anatsegula ndi pemphero, n'kuyamba kufunsa mafunso a phunziro la tsikulo. Ali pa funso lachitatu anayang'ana pa zenera lija.

Pa kanjira ka nkhosa panali munthu wa jasi la kolala yaubweya, sutikesi ili m'manja. Ankakwera pang'onopang'ono, akukoka mwendo wakumanzere, akuima pakapita mapazi angapo. Munthu wa miyendo yabwino akanamupeza asanafike pa mpanda wa miyala.

Nkhope makumi anayi zinkamuyang'ana Ithel. Akulu a mpingo anali pa benchi lakutsogolo, manja ali pa ndodo. Menna, amene anali pafupi ndi zenera, anali ataonanso, ndipo anatembenuka n'kumuyang'anitsitsa mwamuna wake. Ithel anadziuza kuti bondo limenelo silingawoloke phiri, kuti munthuyo akafika pa mpanda atopa n'kubwerera yekha. Anadziuzanso kuti woyang'anira Sande sukulu sangathamange m'phiri pa Sabata mudzi wonse ukuona. Anatsokomola n'kubwereza funso lachitatu.

Anamaliza phunziro lonse, anatchula nyimbo, anaimba ndime zonse zisanu. Potuluka, nkhungu inali itatsika mpaka pa mpanda.

Kunyumba kachipewa kofiira kanali m'galasi mwake. Jombo zinali pa thebulo pomwe anazisiya. Bedi linali loyalidwa bwino. Chimene chinasowa ndi kansalu ka zizulo za bambo awo, pa shelefu ya pamwamba pa mbaula.

Ithel anaima nthawi yaitali akuyang'ana pa shelefupo.

"Watenganso osapempha," anatero.

Menna anavula chipewa chake n'kukwera masitepe.

Lolemba Ithel anapempha kapitawo kuti adikire sabata imodzi, ndipo itatha anapemphanso ina. Analemba kalata ku Lancashire, kwa mayi wamasiye uja, ndi ku Ffestiniog. Onse anayankha kuti sanamuone. Wogulitsa matikiti ku siteshoni ya kunyanja anati sakukumbukira munthu wotsimphina. Mu kabani ena ankati anakwera chombo kupita ku migodi ya sileti ya ku Amereka, ena ankati ali ku madoko a ku Liverpool. Tegid, amene ankadziwa zonse, pa nkhani iyi yokha analibe mawu.

Womaliza kumuona anali woweta nkhosa wa pamwamba pa phiri. Anamupeza atakhala pa mwala akumanganso nsalu pa bondo, pamene njira imagawikana, ina kutsikira kunyanja, ina kulowera kummwera. Anamuzindikira, ndipo anamufunsa ngati ndi iye Cadwaladr wampira uja. Meurig anati ayi, wampira ndi mkulu wake. Kenako ananyamula sutikesi. Wowetayo anatembenuka kuitana galu wake, ndipo pocheuka nkhungu inali itatseka njira zonse ziwiri.